Wisiki wa chimanga wa ku Wellington si wachinyengo

Ambiri timakhulupirira kuti wisiki weniweni ndi wa ku Scotland yekha, wina aliyense ndi wongotengera. Ena akamva kuti ku South Africa amatcheza wisiki kuchokera ku chimanga, amapukusa mutu n'kunena kuti ameneyo ndi kachasu wovala suti. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amandiwawa.

Dzina loti Scotch ndiye la ku Scotland kokha. Wisiki ndi mowa wotcheza kuchokera ku mbewu monga balere, tirigu kapena chimanga, wosungidwa m'migolo yamatabwa, ndipo dziko lililonse likhoza kumupanga.

M'tauni ya Wellington, kufupi ndi Cape Town, muli fakitale ya James Sedgwick imene inayamba mu 1886. Kumeneko ndi kumene amapanga Three Ships ndi Bain's Cape Mountain Whisky. Bain's, amene anatuluka mu 2009, ndi wa chimanga cha m'dzikomo chokhachokha. Potuluka m'chotchezera amakhala woyera mbee ngati madzi. Mtundu wake wagolide ndi kafungo ka vanila amazitenga ku matabwa a oak, m'migolo yomwe kale munali mowa wa bourbon wa ku America. Amakhalamo pafupifupi zaka zisanu, ndipo pakati pa nthawiyi amamusamutsira m'migolo ina. Kutentha kwa dera limeneli kumafulumizitsa kukhwima, ngakhale kuti mowa wambiri umauluka kuposa ku Scotland kozizira.

Pa mpikisano wa World Whiskies Awards, akatswiri olawa anasankha Bain's kukhala wopambana padziko lonse m'gulu la grain whisky (wisiki wa mbewu monga chimanga, osati wa balere yekha) mu 2013, n'kubwerezanso mu 2018.