Musandiuzenso kuti ndingochotsa mitundu

Pali pempho limene ndatopa nalo. Munthu amabwera ndi foni, n'kundionetsa chithunzi chimene anajambula dzuwa lili paliwombo, nkhope zili mbuu, kumbuyo kukuoneka ndowa ndi zovala za aneba pachingwe, ndiye amati, "Achimwene, ingochipangani black and white chioneke chapamwamba." Palinso ena a mtundu wina. Ukawajambula mosamala n'kuwapatsa chithunzi chakuda ndi choyera, amafunsa ngati inki inatha m'makina, kapena amakwinya nkhope n'kunena kuti ukuwalosera maliro. Magulu awiriwa amadwala nthenda imodzi. Onse amaganiza kuti black and white ndi chithunzi cha mitundu chimene achichotsa kanthu.

Chithunzi choipa ukachichotsa mitundu chimakhalabe choipa, kungoti tsopano n'chotuwa. Mtundu umabisa zambiri. Diresi lofiira limakoka maso mpaka munthu osaona kuti kuwala kunagwa molakwika, kuti m'maso mwa mkwatibwi muli mdima, kuti mtengo ukuoneka ngati wamera pamutu pa mkwati. Mitundu ikachoka palibenso pobisala. Chotsala ndi kuwala, mthunzi, mizere ndi kukhakhala kapena kusalala kwa zinthu. Kukongola kwake konse kwagona pamenepo, ndipo n'chifukwa chake chithunzi chotere chimasankhidwa usanadine batani, osati madzulo ukuyang'ana zimene zalephereka.

Pitani mumsika wa Zomba mukayang'ane tomato wakupsa ataikidwa pafupi ndi masamba a repu. M'maso mwanu ziwirizi n'zosiyana kutalitali. Jambulani, dinani fyuluta ya black and white ya m'foni, muone. Nthawi zambiri tomato ndi masamba zimasanduka kutuwa kofanana, ndipo chithunzi chonse chimangoti phwaa. Kufiira ndi kubiriwira zimasiyana mtundu koma zimatha kufanana mphamvu ya kuwala. Njira imodzi yodziwika yosinthira mitundu imatenga pafupifupi magawo 59 pa 100 kuchokera ku zobiriwira, 30 ku zofiira ndi 11 okha ku zabuluu, ndipo foni siikufunsani ngati mukugwirizana nazo. Ojambula a nthawi ya filimu ankamangirira galasi lofiira kapena lachikasu kutsogolo kwa lenzi kuti thambo lide, mitambo yoyera ionekere bwino pamwamba pa phiri. Lero timachita zomwezo pa kompyuta, mtundu uliwonse pawokha. Ntchito yake ndi imeneyo, ndipo batani limodzi silingaigwire.

Ndiye pali nkhani ya khungu lathu, imene imandipweteka kuposa zonse. Kachipangizo koyeza kuwala m'kamera kamayesa ngati dziko lonse ndi lotuwa pakatikati, kutuwa kumene kumabweza pafupifupi magawo 18 pa 100 a kuwala. Imikani mayi wa Mvano panja masana, bulauzi yoyera mbee, duku loyera, nkhope yakuda pakati. Kamera ikuona zoyera zambiri, ndiye ikuchepetsa kuwala, ndipo nkhope ikusanduka chibowo chokhala ndi mano ndi maso. Wojambula wosadziwa amathamangira kuwonjezera kuwala, bulauzi n'kupsa, mabatani ndi misoko zonse n'kuzimirira. Kenaka amayatsa fulashi molunjika pamphumi popakidwa mafuta. Zotsatira zake mumazidziwa, zili m'maalubamu anu.

Koma lowetsani mayi yemweyo pakhonde, kapena muwakhazike pambali pa zenera, kuwala kuzichokera mbali imodzi. Khungu lakuda silingomeza kuwala, limakubweza pang'onopang'ono: patsaya pawala, pamphuno pali kamzere, kunsi kwa chibwano kuli mdima wofewa, ndipo pakati pa zimenezi pali makwerero ambiri a kutuwa. Ojambula zithunzi Ansel Adams ndi Fred Archer a ku America, cha m'ma 1940, anagawa ulendo wochoka pakuda bii kufika poyera mbee m'magawo khumi ndi limodzi. Nkhope ya agogo a ku Chinamwali itakhala pa kuwala koyenera ingakupatseni ambiri mwa magawo amenewa pachipumi pokha. Ine sindinaonepo chinthu chokoma kujambula mu black and white kuposa khungu lakuda. Amene akukayika afufuze zithunzi za Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo yake ku Bamako m'dziko la Mali mu 1948 ndipo ankajambulira anthu pabwalo la nyumba ndi kuwala kwa dzuwa, kumbuyo atapachika nsalu yamaluwa. Anthu ake avala nsalu zamaluwanso, koma palibe chimene chikusokonekera, chifukwa iye ankaona kuwala ndi mizere. Mnzake wa mumzinda womwewo, Malick Sidibé, ankajambula achinyamata akuvina usiku, ndipo mu 2007 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice. M'zithunzi zimenezo mulibe maliro. Muli anthu atatchena, akunyada ndi wailesi kapena njinga yamoto.

Kuno ku Zomba tili ndi mwayi umene sitiugwiritsa ntchito. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikabwera, anthu amabisa makamera poti kunja sikukuoneka bwino. Imeneyo ndiye nthawi yokwera kuphiri. Nkhungu imasanja mitengo ya paini m'mizere, yapafupi yakuda, yotsatira yotuwa, yakutali ikungozimirira, ndipo pa damu la Mulunguzi madzi ndi thambo zimakhala ngati chinthu chimodzi. Njerwa za chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda) zimafuna dzuwa lam'mawa lowomba chammbali kuti msoko uliwonse uoneke. Ku Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, kuli maukonde, mabwato, mabango ndi manja a asodzi, ndipo amene anakafikako mu 2018 nyanja itaphwa anaona matope atang'ambikang'ambika, zinthu zimene mtundu sungaonjezerepo kanthu. Komano musakajambule sitiroberi za m'njira ya ku Ku Chawe mu black and white. Kukoma kwake ndi kufiirako. Chinkhoswe cha zitenje zofanana mbali ya kuchikazi ndi kuchimuna nachonso chisiyeni ndi mitundu yake. Ndipo ndinene pang'ono za alendo ena amene amati akaona mwana wosavala nsapato amathamangira black and white kuti umphawi uoneke wolemera. Chizolowezi chimenechi n'chimodzi mwa zimene zachititsa anthu athu kuganiza kuti chithunzi chopanda mitundu n'chachisoni basi.

Chithunzi cha John Chilembwe cha mu 1914, ataima ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi chake chatsopano, chipewa chili kumutu, ndi cha black and white. Ndi chimene mmisiri wa ku Malawi Samson Kambalu anatengerapo chiboliboli chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Chithunzi chimenecho chadutsa zaka 100. Zithunzi zakale zakuda ndi zoyera zimapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono ta siliva tokhala m'kachikuto ka gelatin (kanthu konga guluu) pamwamba pa pepala, ndipo zikatsukidwa bwino zimakhalitsa zedi. Zamitundu zimadalira utoto, ndipo utoto umafwifwa. N'chifukwa chake chithunzi cha ukwati wa agogo anu chikuonekabe bwino pamene cha ukwati wa makolo anu cha m'ma 1980 chasanduka chofiirira.

Koma siliva ameneyu sangalimbane ndi anthu amene adzaza m'tauni muno ndi makina omata pulasitiki ndi mapulogalamu a m'foni, ndipo apa ndiye pali nkhani imene imandisowetsabe mtendere. Kunabwera mayi wina wachikulire wochokera cha ku Domasi, atakulunga kanthu m'mpango. Chinali chithunzi chokhacho cha malemu bambo awo, chojambulidwa mu situdiyo kalekale, atavala jekete, dzanja lili pa katebulo. Chinakhala zaka zambiri m'felemu pakhoma, chinyezi chinalowa, pepala linamatirira kugalasi. Mdzukulu wawo, pofuna kuwasangalatsa, anapita nacho kwa mnyamata wina wojambula zithunzi za ziphaso. Iyeyo anachimatula pagalasi ndi manja. Theka la nkhope linatsalira pagalasipo. Chotsalacho anachilowetsa m'makina otentha n'kuchimata pulasitiki, kenaka anachijambula ndi foni, pulogalamu n'kudzaza mbali yosowayo, n'kupaka mitundu. Munthu amene anatuluka anali woyererako, wamphuno yowongoka, wakhungu losalala ngati mwana, mphini za m'masaya zitafufutidwa. Mnyamatayo analipiritsa ndalama.

Mayi aja anandiikira zonse ziwiri patebulo n'kunena kuti, "Mwana wanga, awa si bambo anga." Ndinawafunsa kuti, "Amayi, nanga galasi lija lili kuti?" Anati linatayidwa kudzala tsiku lomwelo. Nkhope yeniyeni ya bambo awo inali pagalasi limenelo. Chikanabwera chonse chisanamatulidwe, ndikanachijambula kapena kuchisikana kudzera pagalasi pomwepo, osachikhudza n'komwe, ndipo lero adzukulu onse akanakhala ndi chawochawo. Ndinalibe chowachitira. Pulasitiki yomatidwa ndi moto siichoka popanda kusenda chithunzi.

Mapulogalamu amene amati amakonza ndi kupaka mitundu zithunzi zakale sadziwa kuti jekete ya agogo anu inali yamtundu wanji. Amangolota. Sadziwanso nkhope yawo, amatenga maso ndi milomo mongoyerekeza ndi nkhope zina zimene anaphunzitsidwa nazo. Ngati mukufuna kusewera nawo, sewerani pa kope, ndipo muwauze ana kuti ichi n'choyerekeza. Chenichenicho musachipereke kwa aliyense amene wayamba ndi mawu akuti "tichimate kuti chisawonongeke". Musachipukute ndi kansalu konyowa, gelatin imafewa ikanyowa ndipo nkhope imachoka ndi kansaluko. Musachimate ndi selotepi. Kumbuyo lembani ndi pensulo mopepuka dzina la munthuyo, mudzi wake ndi chaka ngati chikudziwika, osati ndi bolopeni, inki yake imadutsa. Ndipo lembani agogo amene akuwadziwa anthuwo akadali moyo, chifukwa ndalandira maalubamu ambiri odzaza ndi nkhope zokongola zimene palibe ndi mmodzi yemwe pabanjapo angazitchule dzina.

Kuzengereza ndiye mdani wamkulu. Zomba ndi wachinyezi, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi makoma ambiri amachita thukuta. Chuku chimadya gelatin, ndipo pamene chadya sipabwereranso. Mukaona timadontho toyera kapena chithunzi chikuyamba kuchita mawanga pagalasi, musadikire kuti mvula ithe. Chichotseni pakhoma lero, mupite nacho ndi felemu yake yomwe. Amene anaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti sutikesi ya pansi pa bedi si malo osungirako kanthu. Zithunzi zikanyowa ndi madzi amatope, zilekanitseni zikadali zonyowa, muzitsukuluze pang'onopang'ono m'madzi oyera ozizira osakhudza kumaso kwake, muziyanike chimodzichimodzi pamthunzi nkhope ili m'mwamba. Mukazisiya zitaunjikana kuti ziume, zimagwirana n'kukhala mtanda umodzi. Manegativu musataye, ngakhale akuoneka ngati zinyalala, muli zambiri kuposa zimene zili papepala. Posikana nenani kuti mukufuna 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse) kapena kuposerapo, ndipo potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa ndipo kutuwa kosalala kuja kumasanduka timabokosi.

Chomaliza n'cha inu amene mukufuna black and white yatsopano yopachika pabalaza. Zambiri zimene zikutsukidwa masiku ano si zasiliva, ndi za inki. Makina otchipa amapanga kutuwa posakaniza inki zamitundu, ndiye chithunzi chimatuluka chobiriwirako kapena chapinki, ndipo chikamawombedwa ndi dzuwa chimasintha msanga. Musanalipire chachikulu, uzani wotsukayo ayambe watulutsa kakang'ono, mutuluke nako panja mukakaone pa kuwala kwa masana. Yang'anani pamalo akuda kwambiri ngati tsitsi likusiyana ndi mdima wakumbuyo, ndi pamalo oyera ngati ulusi wa kolala ukuoneka. Poika m'felemu, pakhale katoni yolekanitsa chithunzi ndi galasi.