Chaka chimene mzinda wa Cleveland unalandidwa timu yake

Lolemba pa 6 Novembala 1995, Art Modell anaima pamalo oimikapo galimoto pafupi ndi bwalo la Camden Yards mumzinda wa Baltimore, pambali pake pali bwanamkubwa wa chigawo cha Maryland, Parris Glendening. Analengeza kuti timu yake ya Cleveland Browns isamukira ku Baltimore chaka chotsatira. Ligi inali idakali mkati. Timuyo inali itatsala ndi masewero asanu ndi awiri, ndipo atatu mwa iwo inayenera kusewera pakwawo, pamaso pa anthu omwewo amene anali atangouzidwa kuti akusiyidwa.

Kwa ife amene tinazolowera mpira wamiyendo, nkhani yoti timu ingalongedze katundu n'kupita kukakhala mumzinda wina imamveka yachilendo. Koma mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America uja wa zipewa zolimba ndi kugwetsana, mulibe kutsika kapena kukwera ligi. Matimu ndi omwewo chaka ndi chaka, ndipo kupatula Green Bay Packers, timu iliyonse ili ndi mwini wake amene amaiyendetsa monga bizinesi. Mizinda yofuna timu ndi yambiri kuposa matimuwo, choncho mwini timu akakwiya ndi mzinda wake amadziwa kuti kwinaku alipo amene akumudikira ndi ndalama m'manja. Chaka chomwecho cha 1995, Rams ndi Raiders zonse zinali zitachoka ku Los Angeles. Anthu anadandaula koma sanadabwe kwenikweni. Za Browns ndi zimene zinagwedeza dziko, chifukwa iyi sinali timu yosowa anthu oionera. Bwalo lake lolowa anthu pafupifupi 80,000 linkadzaza ngakhale m'nyengo yachisanu choopsa.

Browns inayamba kusewera mu 1946 mu ligi ina yotchedwa AAFC, mphunzitsi wake ali Paul Brown, yemwe dzina la timuyi linachokera kwa iye. Chaka choyambacho Brown analemba osewera awiri akuda, Marion Motley ndi Bill Willis, pa nthawi imene mpira wa akatswiri unali utakhala zaka zoposa khumi wopanda munthu wakuda. Timuyi inatenga chikho cha AAFC zaka zonse zinayi zimene ligiyo inakhalapo. Italowa mu NFL mu 1950 inatenganso chikho chaka chomwecho, kenako mu 1954 ndi 1955. Cleveland panthawiyo unali mzinda wa mafakitale a zitsulo, wa anthu oposa 900,000. Zaka zitapita mafakitale anayamba kutsekedwa, anthu n'kumathawira kwina. Mu 1978 khonsolo ya mzindawu inalephera kubweza ngongole zake, ndipo pofika 1990 munatsala anthu ongopitirira pang'ono 500,000. Zambiri zinachoka mumzindamo, koma Lamulungu lililonse la ligi timu inalipobe, ndipo bambo ankatenga mwana wake n'kupita naye kubwalo lomwelo limene iyenso anapitako ndi bambo ake.

Modell, mbadwa ya ku Brooklyn amene ankagwira ntchito zotsatsa malonda pa wailesi ya kanema, anagula timuyi mu 1961 pa mtengo wa pafupifupi $4 miliyoni, zambiri mwa izo zili zobwereka. Mu Januwale 1963 anachotsa ntchito Paul Brown, ndipo alipo amene sanamukhululukire kuyambira pomwepo. Koma mu 1964 timuyo, motsogozedwa ndi katswiri wake wosewera Jim Brown, inakwapula Baltimore Colts 27–0 n'kutenga chikho. Chimenecho ndicho chikho chomaliza chimene Browns inatenga mpaka lero.

Zaka za m'ma 1980 ndi zimene zinamanga ochemerera amene Modell anadzawasiya. Mu 1985 osewera awiri akumbuyo, Hanford Dixon ndi Frank Minnifield, anayamba kuuwa ngati agalu polimbikitsa anzawo, ndipo anthu okhala pa mabenchi otsika mtengo a kumapeto kwa bwalo anatengera. Ankabwera atavala zigoba za nkhope ya galu, ena atanyamula mafupa, ndipo mbali imeneyo inatchuka ndi dzina lakuti Dawg Pound. Katatu timuyi inafika pakhomo pa Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho cha NFL, katatu konseko Denver Broncos inaitsekera. Mu Januwale 1987, John Elway wa Broncos anayendetsa timu yake mayadi 98 kutatsala mphindi zochepa, Cleveland yonse ikuyang'ana. Chaka chotsatira Earnest Byner wa Browns, amene anasewera bwino kwambiri tsikulo, anagwetsa mpira atatsala pang'ono kudutsa mzere wa chigoli. Masoka amenewa sanabalalitse anthu. Anawamangiriza pamodzi.

Mkangano weniweni unali wa bwalo. Cleveland Municipal Stadium inatsegulidwa mu 1931 m'mphepete mwa nyanja ya Erie, ndipo inali ya khonsolo. Mu 1973 khonsoloyo, posowa ndalama zoisamalira, inagwirizana ndi Modell kuti kampani yake iziyendetsa bwalolo kwa zaka 25. Iye ankakonza zowonongeka, n'kumatolera lendi ku timu ya baseball ya Cleveland Indians imene inkasewera pomwepo masewero ochuluka kwambiri pachaka, komanso ndalama za zipinda za anthu olemera. Mu 1990 anthu a m'dera la Cuyahoga County anavomereza msonkho wapadera pa mowa ndi fodya kuti amangire Indians bwalo latsopano, ndi linanso la timu ya basketball ya Cavaliers. Mpaka lero anthu sagwirizana chimodzi pa zimene zinachitika apa: akuluakulu a mzinda ankati Modell anaitanidwa kuti alowe nawo m'ntchitoyo koma anakana, pamene iye ankati anauzidwa kuti adikire, nthawi yake idzafika. Chodziwika n'chakuti mu 1994 Indians inasamukira ku Jacobs Field, lendi inatha, ndipo Modell anatsala yekha ndi chibwalo chakale cha zaka 63, chodontha, cha zipilala zotchinga anthu kuona masewero.

Apa tiyenera kumuchitira chilungamo munthuyu. Mosiyana ndi eni matimu ambiri, iye analibe mabizinesi ena akuluakulu omupezera ndalama. Chuma chake chinali timuyo basi. Kuyambira 1993 osewera anapatsidwa ufulu wosankha timu mgwirizano wawo ukatha, ndipo kuti ukope katswiri unkayenera kumupatsa ndalama zambiri nthawi imodzi posaina. Modell atafuna Andre Rison kumayambiriro kwa 1995, anachita kukabwereka $5 miliyoni kubanki kuti amulipire. Ngongole zinamuchulukira. Koma funso limene anthu a ku Cleveland amafunsabe ndi lakuti: mwini timu amene bwalo lake linkadzaza, amenenso kwa zaka pafupifupi 30 ankatsogolera komiti yokambirana ndi makampani a kanema ndalama zimene zinalemeretsa ligi yonse, anafika bwanji posowa ndalama? Ndipo ngati zinamukanika, bwanji sanagulitse timuyo kwa munthu wa konko? Sanafune kutero chifukwa ankafuna kudzaisiyira mwana wake.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chaka cha 1995 chinayamba ndi chiyembekezo chachikulu. Mphunzitsi anali Bill Belichick, amene ochemerera ambiri ankamuda chifukwa mu 1993 anachotsa wosewera wokondedwa Bernie Kosar, mwana wa m'chigawo chomwecho cha Ohio, mmene muli Cleveland. Komabe mu 1994 timu yake inapambana masewero 11, kugonja 5, n'kugonjetsa New England Patriots m'ndime ya chipulula. Olemba nkhani zamasewero ena ankalosera kuti Browns ifika ku Super Bowl. Inapambana atatu mwa masewero anayi oyambirira, kenako inagonja katatu motsatizana, n'kupambana movutikira ku Cincinnati. Masiku omwewo, kumapeto kwa Okutobala, Modell anali atasaina kale mwachinsinsi mgwirizano ndi chigawo cha Maryland m'ndege ya bwenzi lake, Al Lerner, itaima pabwalo la ndege la Baltimore. Maryland inamulonjeza bwalo latsopano la ndalama za boma, losalipira lendi.

Mphekesera zitatuluka, Browns inathambitsidwa pakwawo 37–10 ndi Houston Oilers pa 5 Novembala. M'mawa mwake Modell analengeza. Tsiku lotsatira, pa 7 Novembala, anthu a ku Cuyahoga County anaponya voti yovomereza kupitiriza msonkho uja kuti papezeke $175 miliyoni yokonzera bwalo la Browns. Tsiku la votilo linali lodziwika kale. Modell sanadikire ngakhale maola 24 kuti amve zotsatira zake, ndipo kwa ine apa ndi pamene mlandu wake umakhalira wovuta kuuteteza. Madandaulo ake anali omveka, koma munthu amene anali atanenapo poyera kuti sadzasamutsa timuyi sanapite kwa anthu ake n'kuwauza kuti, abale, zikapanda kusintha ndichoka. Anangosaina.

Baltimore nayo inkaudziwa bwino ululu umenewu. Usiku wa pa 28 Malichi 1984, Robert Irsay, mwini timu ya Baltimore Colts, anapakiza katundu yense wa timuyo m'malole a kampani ya Mayflower n'kuthawira ku Indianapolis, chipale chikugwa. Mu 1993 ligi itawonjezera matimu awiri, inadumpha Baltimore n'kusankha Charlotte ndi Jacksonville. Akuluakulu a Maryland anaona kuti njira yokhayo yotsala ndi kulanda timu ya mzinda wina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anthu ambiri a ku Baltimore sanasangalale ndi mmene timuyo inabwerera, ndipo ankanena zimenezi poyera.

Masabata asanu ndi awiri otsalawo anali owawa. Makampani anachotsa zikwangwani zawo zamalonda m'bwalo. Modell sanapondenso pamasewero apakwawo. Osewera, amene ambiri anamva nkhaniyi pa kanema ngati wina aliyense, ankakuwizidwa ndi anthu awo omwe, ndipo Rison anaipiratu mbiri atayankha ochemerera mwachipongwe. Timuyo inagonja masewero asanu ndi limodzi motsatizana, kuwerengera ndi a Houston aja. Mfumu ya mzinda, Michael White, inatengera nkhaniyi kukhothi ponena kuti mgwirizano wa bwalo unali woti utha mu 1998, ndipo khothi linapereka chiletso. Ochemerera anadzaza maofesi a ligi ndi a eni matimu ena ndi makalata ndi mafoni, ena anakafika mpaka ku Washington kukadandaula kwa aphungu.

Pa 17 Disembala 1995 panali masewero omaliza pabwalo lakalelo, ndipo Browns inagonjetsa Cincinnati Bengals 26–10. Ndi masewero okhawo amene inapambana chilengezereni kusamuka. Anthu anabwera ndi masipanala ndi macheka. Masewero ali mkati kunkamveka kulira kwa matabwa, anthu akuzula mipando yoti akasunge kunyumba, ena akuponya mabenchi pansi, moti oimbira anachita kumatembenuza matimu kuti asasewerere kumbali ya Dawg Pound. Atatha masewero, osewera anathamangira kumbali yomweyo kukakumbatirana ndi anthu. Pakati pawo panali Byner, yemwe uja wogwetsa mpira mu 1988, amene anali atabwerera ku Cleveland ndipo tsikulo anathamanga mayadi oposa 100. Akuluakulu ndi ndevu zawo ankalira poyera. Timuyo inamaliza ligi itapambana masewero 5, kugonja 11.

Mu Febuluwale 1996 ligi ndi mzinda anagwirizana zimene zinali zisanachitikepo mu NFL. Modell analoledwa kutenga osewera ndi antchito ake, koma dzina la Browns, mitundu yake ndi mbiri yake yonse zinatsala ku Cleveland, ndipo ligi inalonjeza kuti timu idzabwerera pofika 1999. Eni matimu 25 anavomereza. Awiri okha, Ralph Wilson wa Buffalo ndi Dan Rooney wa Pittsburgh (timu imene ndi mdani weniweni wa Browns pabwalo), ndi amene anakana kusamukako. Ichi chinali chipambano cha anthu wamba, ndipo sitiyenera kuchichepetsa. Koma chimene anapulumutsa chinali dzina. Timu yeniyeniyo inapita. Belichick anachotsedwa ntchito mwezi womwewo, n'kudzatenga zikho zisanu ndi chimodzi za Super Bowl ndi New England. Ozzie Newsome, katswiri wakale wa Browns, ndiye anasankhira Baltimore Ravens, dzina latsopano la timu ya Modell, osewera ake atsopano awiri oyamba, Jonathan Ogden ndi Ray Lewis, ndipo mu Januwale 2001 Modell ananyamula chikho cha Super Bowl chimene Cleveland inachidikira zaka zonse zija.

Bwalo lakale linagwetsedwa, zibuma zake zina n'kuponyedwa m'nyanja ya Erie kuti nsomba ziziswanamo. Browns yatsopano inagulidwa $530 miliyoni ndi Al Lerner, mwini ndege ija. Pa masewero ake oyamba mu Sepitembala 1999 inagonja 43–0 kwa Pittsburgh, ndipo mu 2017 inatha chaka chonse osapambana ngakhale kamodzi pa masewero 16. Modell anamwalira mu 2012, asanabwererenso kukaonera mpira ku Cleveland.

Mu 1996 aphungu a chigawo cha Ohio anakhazikitsa lamulo limene anthu amangolitchula ndi dzina la Modell: timu yosewera pabwalo lomangidwa ndi misonkho isasamuke popanda chilolezo cha mzinda, kapena ipereke chenjezo la miyezi isanu ndi umodzi ndi mwayi woti anthu a konko aigule. Lamuloli linathandiza nawo mu 2018 kuti timu ya mpira wamiyendo ya Columbus Crew isapite ku Austin. Mu 2024 eni ake a Browns a masiku ano, banja la Haslam, analengeza kuti akufuna kumanga bwalo lofolera ku Brook Park, kunja kwa malire a mzinda, ndipo mu Januwale 2025 khonsolo ya Cleveland inawasumira potengera lamulo lomwelo. Pakati pa chaka chomwecho aphungu a Ohio analisintha kuti lizigwira ntchito pokhapokha timu ikafuna kutuluka m'chigawo chonsecho, ndipo anavomerezanso $600 miliyoni yothandizira kumanga bwalo la ku Brook Park.