Masabata anayi, funso limodzi: kafukufuku wa wophunzira amene ali kunja

Semesita ikamapita kumapeto, pakhomo la ofesi yanga sipasowa munthu. Amabwera ophunzira atanyamula mapepala a mapulani awo, ena nkhope zili ngwee, ena mantha akuonekera m'maso. Ntchito yanga ndi kulangiza ophunzira a ku yunivesite amene akuchita maphunziro kunja kwa dziko lawo, makamaka ikafika nthawi ija makalasi amaima, aphunzitsi nkunena kuti tsopano pitani nokha, mukafufuze chimene mwasankha, mudzatibweretsere lipoti. Makolo ambiri akamva zimenezi amangoti ndi tchuthi chimene achipatsa dzina laulemu. Ine ndimaona kuti pamenepa ndi pamene pagona phindu lenileni la maphunziro a kunja, komanso ndi pamene zinthu sizichedwa kusokonekera.

Mapulogalamu ake alipo amitundumitundu. Bungwe la SIT, lochokera ku Vermont m'dziko la America, limapatula masabata anayi omaliza a semesita kuti wophunzira achite kafukufuku wakewake m'dziko limene ali. Thandizo la Thomas J. Watson Fellowship, limene linayamba mu 1968, limapereka chaka chathunthu kwa omaliza digiri yoyamba m'makoleji ena a ku America, ndipo limodzi mwa malamulo ake ndi loti munthu asabwerere kwawo chakacho chisanathe. Ku Ulaya kuli Erasmus, yomwe yakhala ikutumiza ophunzira m'maiko oyandikana nawo kuyambira 1987, ndipo ena amagwiritsa ntchito miyezi imeneyo kusonkhanitsa zolembera pepala lawo lomalizira digiri. Mayina ndi osiyana, koma chimene wophunzira amakumana nacho ndi chimodzi: palibenso belu, palibenso ndandanda ya makalasi, palibe womuuza kuti mawa m'mawa akhale kuti.

Vuto loyamba, ndipo ndi limene ndimalimbana nalo chaka ndi chaka, ndi kukula kwa funso. Mtsikana wina anandibweretsera pulani ya masamba atatu. Ankafuna kufufuza moyo wa anthu othawa kwawo amene akukhala ku Ulaya, ndipo anali atalemba mizinda isanu ya m'maiko asanu, matikiti a sitima atawerengera kale mtengo. Sindinamutsutse. Ndinangotenga kalendala ya pakhoma nkuiyala patebulo, tinayamba kuwerenga limodzi. Masiku onse ndi 28. Sabata yomaliza ndi yolemba lipoti, atsala 21. Kupita, kusamuka mzinda ndi mzinda, ndi kubwerera, masiku 6 apita panjira, atsala 15. Tikagawa kasanu, mzinda uliwonse ukulandira masiku atatu. Ndinamufunsa kuti, "Inuyo, munthu amene munamuona koyamba dzana, mungamuuze chimene chimakusowetsani tulo?" Anakhala duu kwa kanthawi, cholembera chili pakamwa, kenako anati, "Ayi aphunzitsi, ndingangomuuza kuti zonse zili bwino."

Ndi mmenedi zimakhalira. M'masiku atatu anthu amakupatsa mayankho amene amasungira mlendo aliyense. Zenizeni zimayamba kutuluka akakuzolowera, akasiya kukuona ngati munthu wa kope ndi cholembera. Bronisław Malinowski, amene akatswiri ofufuza za chikhalidwe cha anthu amamutchula kwambiri pa nkhani ya njira imeneyi, anakhala pa zilumba za Trobriand, ku Papua New Guinea, pafupifupi zaka ziwiri pakati pa 1915 ndi 1918, anamanga tenti yake m'mudzi wa Omarakana, naphunzira chiyankhulo cha eni dera. Wophunzira wa lero alibe zaka ziwiri. Ali ndi mwezi umodzi, mwina itatu. Ndiye poti nthawi sangaitalikitse, chimene angachite ndi kuchepetsa funso mpaka likwane m'nthawiyo.

Mtsikana uja anasiya mizinda inayi. Anasankha kalasi imodzi yamadzulo kumene anthu obwera kumene m'dzikomo amaphunzira chiyankhulo, ndipo funso lake linakhala ili: nchifukwa chiyani anthu amalembetsa ndi chidwi koma pakapita masabata ochepa nkusiya kubwera? Sabata yoyamba ankangothandiza kukonza mipando ndi kugawa mapepala. Sabata yachiwiri anaona kuti amayi anayi amakhala pafupi ndi chitseko nthawi zonse, foni ili patebulo, maso akungobwerera pa wotchi, ndipo amatuluka mwakachetechete kalasi isanathe. Aphunzitsi a kalasiyo ankayesa kuti amayiwo satsatira bwino phunziro. Sabata yachitatu mmodzi mwa iwo, akudikira basi limodzi ndi mtsikanayo, anamuuza kuti onse anayi amagwira ntchito yokolopa m'maofesi, ndipo ntchitoyo imayamba eni maofesi akangoweruka. Kuona maso a nkhono nkudekha. Akanakhala wa masiku atatu, akanalemba kuti anthuwo alibe chidwi ndi maphunziro, ndipo akanalakwitsa.

Sindikunena kuti kuyenda nkoipa. Tikiti ya Interrail, yomwe ilipo kuyambira 1972, yathandiza achinyamata ambirimbiri kuona Ulaya pa sitima, ndipo ndimawalimbikitsa ophunzira anga kuti akapeza mpata ayende, aone nyanja, mapiri ndi nyumba zosungiramo zakale. Munthu amakula nazo. Koma ulendo wokaona malo ndi ulendo wa kafukufuku asamawaphatikize m'thumba limodzi. Woyambawo umafuna miyendo, winawu umafuna kukhala pansi.

Tibwere ku mapepala, amene ophunzira amawaona ngati chintchito chotopetsa. Viza ya maphunziro ili ndi malire ake. Wophunzira amene ali ndi chilolezo chokhala m'dziko limodzi la m'chigawo cha Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya amene anachotsa zipata za pamalire pakati pawo, akhoza kuyenda m'maiko ena a chigawocho, koma osapitirira masiku 90 pa masiku 180 aliwonse. Britain ndi Ireland sali m'chigawochi, choncho amene pasipoti yake imafuna viza kumeneko ayenera kufunsira ina payokha, ngakhale sitima yochokera ku Paris imafika ku London m'maola osakwana atatu. Amene akuphunzira ku America pa viza ya F-1 akafuna kutuluka nkudzabwereranso, fomu yake ya I-20 iyenera kukhala ndi siginecha ya ofesi ya pasukulu yoona za ophunzira akunja, yomwe sinathe ntchito. Maiko ambiri amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi. Kumene amafuna chiphaso cha katemera wa yellow fever, chiphasocho chimayamba kugwira ntchito patapita masiku 10 munthu atabayitsa, ndiye kubayitsa dzulo lake la ulendo sikuthandiza.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti chilolezo cholowera m'dziko si chilolezo chofufuzira. Ku Tanzania wofufuza wochokera kunja amafunsira ku COSTECH, ku Kenya ku NACOSTI, ku Indonesia ku BRIN, omwe ndi mabungwe a boma oona za sayansi ndi kafukufuku, ndipo yankho limatha kutenga masabata kapena miyezi. Wophunzira amene walowa ngati mlendo wodzaona malo nkuyamba kufunsa anthu mafunso ndi makina ojambulira mawu m'manja akhoza kuthamangitsidwa, ndipo amene anamulandira ndi amene amatsala ndi mlandu. Ochita za zomera, nthaka ndi tizilombo nawonso asamale: pangano la Nagoya, limene linavomerezedwa mu 2010 nkuyamba kugwira ntchito mu 2014, limapatsa dziko lililonse mphamvu pa zamoyo zake, moti kuika timasamba kapena timbewu m'chikwama kuti ukapime kwanu popanda chilolezo ndi kuphwanya lamulo m'maiko ambiri. Inshuwalansi nayo muziiwerenga mpaka timalemba tating'ono ta kumunsi. Zambiri sizilipira ngozi ya panjinga yamoto, kapena ngozi yochitikira m'dera limene boma linachenjeza kuti anthu asapiteko.

Koma gawo limene limandikhudza mtima kwambiri ndi la anthu amene wophunzira amakawafunsa. Yunivesite iliyonse yolongosoka ili ndi komiti imene imaona pulani ya kafukufuku wokhudza anthu asanayambe. Makomiti amenewa sanabwere chabe. Anabadwa chifukwa cha nkhanza zimene ofufuza ena anachitira anthu m'dzina la sayansi, ndipo mfundo zake zinalembedwa m'zikalata monga cha ku Helsinki cha 1964 ndi lipoti la Belmont la 1979. Mfundo yaikulu ndi yosavuta kuimva: munthu adziwe kuti ndiwe yani, ukufuna chiyani, mawu ake apita kuti, ndipo akhale ndi ufulu wokana kapena wosiyira panjira popanda chomuchitikira. Kusainitsa fomu pakokha sikutanthauza kuti munthu wavomera. Kwa amene alibe mapepala okhalira m'dziko, kapena amene anazunzidwapo ndi aboma kwawo, pepala lofuna siginecha ndi chinthu choopsa, ndipo makomiti ambiri amalola kuvomera kwa pakamwa ngati wofufuza wafotokoza chifukwa chake. Ana, akaidi ndi odwala amafuna chitetezo choposerapo, ndipo kwa wophunzira wa digiri yoyamba wa masabata anayi, kawirikawiri ndimalangiza kuti asankhe gulu lina.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wophunzira adzakwera ndege, koma womasulira wake, mayi wa nyumba imene ankagona, ndi bambo amene anadandaula za abwana ake pa makina ojambulira, onsewo adzatsala pomwepo. Nchifukwa chake mayina enieni salembedwa m'kope limodzi ndi zimene anthu ananena. Amapatsidwa manambala, ndipo pepala la mayina limasungidwa kwina. Foni ndi laputopu zikhale zokhoma. Chithunzi cha munthu amene wakuuza zakukhosi sichiikidwa pa Facebook kapena Instagram, ngakhale iye atamwetulira pojambulidwa. Ku Ulaya lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limateteza zinthu zotere, koma ngakhale kumene kulibe lamulo, udindowo ulipo.

Pali mitu ina imene imaika moyo pachiswe, ndipo sindibisa ndikamayankhula ndi ophunzira. Giulio Regeni, wa ku Italy, ankachita digiri yapamwamba ya PhD ku yunivesite ya Cambridge ku Britain ndipo ankafufuza za mabungwe oima paokha a anthu apantchito ku Egypt. Anasowa mumzinda wa Cairo pa 25 January 2016, ndipo thupi lake linapezeka pa 3 February lili ndi zizindikiro zoti anazunzidwa. Matthew Hedges, wophunzira wa ku yunivesite ya Durham ku Britain amene ankafufuza nkhani za chitetezo, anamangidwa pa bwalo la ndege la Dubai mu May 2018, anagamulidwa kukakhala kundende moyo wake wonse pa mlandu wa ukazitape mu November chaka chomwecho, kenako anakhululukidwa patangopita masiku ochepa. Awiriwa sanali ana ongoyamba kumene. Funso limene m'kalasi limamveka ngati la maphunziro chabe, kwina limamveka ngati la kazitape. Asanasankhe mutu wokhudza asilikali, apolisi, zipani, mabungwe a apantchito kapena mikangano ya zipembedzo, wophunzira afunse anthu a m'dzikomo amene amadziwa pamene pali mzere wosadumphika. Safunsa anadya phula.

Mawu oti "kafukufuku wapayekha" asanamize munthu. Kafukufuku woyenda bwino amakhala ndi anthu osachepera atatu kumbuyo kwake: mphunzitsi womuyang'anira, munthu wodalirika wa m'dera limene wapitalo, ndi wina amene akudziwa kumene akugona usiku uliwonse. Ine ndimapangana ndi wophunzira aliyense tsiku ndi ola loti anditumizire uthenga, ndipo timagwirizaniratu chimene ndidzachite ola limenelo likadutsa kuli zii. Nambala ya ofesi ya kazembe wa dziko lake ailembe papepala, osati m'foni mokha, pakuti foni imabedwa, imathanso moto.

Kusungulumwa kumabwera, nthawi zambiri sabata yachiwiri. Chisangalalo chofika malo atsopano chatha, anthu amene analonjeza kukumana nawe sakuyankha, chiyankhulo chikukutopetsa, ndipo umayamba kuganiza kuti pulani yonse ndi yopanda pake. Ophunzira ambiri amandiimbira nthawi imeneyi akufuna kusintha mutu kapena kusamukira mzinda wina. Ndimawapempha kuti apirire masiku ena asanu ali pomwepo, ndipo madzulo aliwonse, asanagone, alembe m'kope zimene aona ndi kumva tsikulo: amene anakhala pati, amene anayankhula, amene sanayankhule, mawu amene sanawamvetse. Zolemba za tsiku lomwelo ndi zimene zimadzasanduka lipoti. Zimene munthu wati adzalemba mawa zimasungunuka, nkutsala chithunzithunzi chabe.

Chotsiriza pa pulani iliyonse imene ndimasainira ndi mzere wonena mmene zotsatira zidzabwererere kwa eni ake. Lipoti la masamba makumi atatu lolembedwa m'chiyankhulo cha ku yunivesite silithandiza munthu amene anapereka madzulo ake atatu kuyankha mafunso. Mtsikana uja, atamaliza lipoti lake la aphunzitsi, analembanso masamba awiri m'mawu osavuta a chiyankhulo chimene anthu a m'kalasi muja ankaphunzira, mopanda dzina la munthu aliyense. Anayamba waonetsa amayi anayi aja kuti anene ngati pali chimene sakufuna kuti chituluke, ndipo mmodzi anapempha kuti achotse dzina la msewu umene amakwerera basi. Anachotsa. Mphunzitsi wa kalasiyo anachulukitsa masambawo, nawagawa kuti akhale phunziro la kuwerenga la sabata yotsatira.