"Asiyeni agone" ndi mawu amene ndimawaopa kwa wodwala shuga

Sabata siitha osabwera munthu pawindo la mankhwala kudzafunsa kuti Piriton amakweza shuga eti? Ayi. Piritsi la ziwengo monga Piriton, cetirizine kapena loratadine palokha silikweza shuga moti nkudandaula nazo. Ndatopa nalo funsoli chifukwa vuto lenileni lili kwina, ndipo palibe amalifunsa.

Pali agogo ena omwe mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Amamwa glibenclamide, mapiritsi otsitsa shuga, thupi linayamba kuyabwa, mdzukulu wawo nkukagula Piriton kugolosale. Anamwa madzulo, nsima anangoilawa pang'ono nkukagona. Usiku thukuta lili chuchuchu, akubwebweta, kutacha sakudzuka, apabanja nkumati asiyeni agone agogo, mankhwala aja amagonetsa. Anafika nawo masana atakomoka, kuyeza shuga mashini akuonetsa 38 mg/dL, wotsikiratu. Tinawabaya glucose pamtsempha, maso anatsegula, koma mutu sunabwererenso mwakale.

Amene anatsitsa shuga ndi glibenclamide pamimba popanda kanthu. Piriton anangophimba. Kufooka, chizungulire, kusokonekera, tulo tosadzuka, zonsezi ndi zizindikiro za shuga wotsika ndiye mukamwa mankhwala ogonetsa monga Piriton kapena promethazine aliyense amaloza chala mankhwalawo, nthawi ikupita, ubongo ukusowa chakudya.

Za mavenda ndiye zimandipweteka mtima. Timapilitsi tosakaniza m'kapepala topanda dzina, akuti ta ziwengo, mkatimo muli prednisolone kapena dexamethasone. Kuyabwa kumathadi msanga, koma amenewa ndi amene amaukweza shuga mpaka munthu kumangomwa madzi ndi kukodza usiku wonse. Ngakhale Celestamine weniweni ali ndi betamethasone, wa gulu lomwelo. Masirapu ambiri a chimfine ali ndi shuga, ena ali ndi pseudoephedrine yemwenso amatha kukweza shuga, werengani botolo. Atsikana omwe mukumwa cyproheptadine kuti munenepe, ameneyonso ndi mankhwala a ziwengo, amakupatsani njala yosatha, ndipo ngati kwanu kuli mtundu wa shuga mukuuitana nokha.

Ngati muli pa insulin kapena glibenclamide, pemphani loratadine kapena cetirizine, sagonetsa kwambiri, ndipo musagone ndi njala. Wodwala shuga akamavuta kudzuka muyezeni pompo. Shuga akatsika pansi pa 70 mg/dL ndipo wodwalayo akutha kumeza, sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi amwe, kenako adye. Ngati wakomoka musamuthire kanthu mkamwa, angatsamwe. Funani galimoto usiku womwewo, musadikire kuche.