Sikirini Ikada Pakati pa Ntchito: Kufufuza Chimene Chikugwetsa Driver ya Graphics Card

Vutoli kawirikawiri limabwera motere: munthu ali pakati pa gemu, kapena akukonza vidiyo, mwinanso akungowerenga nkhani pa intaneti, ndiye zithunzi zimangouma, sikirini imada kwa masekondi angapo, kenako zonse zimabwerera koma pulogalamu imene amagwiritsa ntchito itatsekeka. Pakona ya sikirini Windows imatha kulemba uthenga wakuti "Display driver stopped responding and has recovered", kunena kuti driver yoyendetsa zithunzi inasiya kuyankha ndipo yadzutsidwanso. Anthu ambiri akawerenga zimenezi amagamula pomwepo kuti driver ndi imene yalakwa, choncho amatsitsa ina, ndipo vuto likabwerera amatsitsanso ina. Pa ntchito yanga yokonza makompyuta ndaona kuti uthengawu umasocheretsa anthu kwambiri, chifukwa umatchula pamene vuto laonekera, osati kumene lachokera.

Graphics card ndi chipangizo chimene chimawerengera ndi kujambula chilichonse chooneka pa sikirini, ndipo driver ndi pulogalamu imene imaima pakati pa khadilo ndi Windows, kupereka malamulo mbali ina ndi kubweza mayankho mbali inayo. Ili ngati womasulira pa msonkhano: wolankhula akakomoka, womasulira nayenso amakhala chete, ndipo amene ali kumbuyo angaganize kuti womasulirayo ndiye wasowa chonena. Kuyambira pa Windows Vista, imene inafika kwa anthu wamba mu 2007, Microsoft inaika njira yotchedwa Timeout Detection and Recovery, mwachidule TDR. Windows ikauza khadi kuti limalize kapena liimitse kaye ntchito imene lili nayo, imadikira masekondi 2, ndipo ikapanda kulandira yankho imaona kuti khadilo lauma, ndiye imalidzutsanso pamodzi ndi driver yake m'malo molola kompyuta yonse kuima. Kuda kwa sikirini kuja ndi nthawi imene kudzutsaku kukuchitika. Kudzutsa kukakanika, kapena vuto likabwerezabwereza kupitirira kasanu pa mphindi imodzi, Windows imagonja n'kuonetsa sikirini ya buluu (kapena yakuda pa Windows 11 yatsopano), nthawi zambiri yokhala ndi mawu akuti VIDEO_TDR_FAILURE, amene nambala yake ndi 0x116. Pamenepo imatchulanso fayilo: nvlddmkm.sys ngati khadi ndi la NVIDIA, atikmpag.sys kapena amdkmdag.sys ngati ndi la AMD, ndi igdkmd64.sys ngati ndi la Intel.

Chofunika kumvetsa n'chakuti Windows imangoona kuti yankho silinabwere, koma sidziwa chifukwa chake. Driver ikhozadi kukhala ndi cholakwika, koma khadi lotentha kwambiri, khadi losalandira magetsi okwanira, khadi lothamangitsidwa mopitirira mphamvu zake, RAM (mosungira kwa kanthawi zinthu zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito) yosakhazikika, ngakhale khadi limene latsala pang'ono kufa, zonsezi zimabala uthenga umodzi womwewo ndi dzina la fayilo lomwelo. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti musanasinthe chilichonse muyambe mwafunsa mafunso awiri: kodi vutoli linayamba liti, ndipo limachitika kompyuta ikuchita chiyani?

Funso loyamba Windows imatha kukuthandizani kuyankha. Mukalemba mawu akuti reliability pamalo ofufuzira ndi kutsegula Reliability Monitor, mumaona ndandanda ya masiku, ndipo tsiku lililonse limasonyeza mapulogalamu ndi madriver amene anaikidwa komanso zimene zinagwa, ndi chizindikiro chofiira pamene panachitika vuto. Ngati zizindikiro zofiirazo zikuyamba tsiku limene driver yatsopano inalowa, kaya munaiika nokha kaya Windows Update inaika mwakachetechete, mwapeza poyambira. Mu Event Viewer, mmene Windows imalembamo zochitika zake, pansi pa System, TDR imalembedwa ndi nambala 4101 kuchokera ku Display. Mukapeza m'malo mwake nambala 41 kuchokera ku Kernel-Power, ndiye kuti kompyuta inazima kapena kuyambiranso popanda kutsekedwa bwino, ndipo ngati zimenezi zinachitika mwadzidzidzi popanda sikirini ya buluu, ngati kuti wina wazula pulagi, maganizo anu apite ku magetsi ndi kutentha, chifukwa driver payokha sikawirikawiri kuzimitsa kompyuta mwa mtundu umenewo.

Funso lachiwiri limafuna kuleza mtima ndi kulemba zimene mukuona. Vuto lobwera pa pulogalamu imodzi yokha, pamalo amodzimodzi nthawi zonse, limaloza ku pulogalamuyo kapena ku driver. Vuto lobwera pa gemu iliyonse yolemera, koma patapita kanthawi mutayamba, limaloza ku kutentha. Lobwera nthawi yomweyo pamene ntchito yolemera yayamba, kapena pamene zithunzi zasintha mwadzidzidzi, limaloza ku magetsi. Ndipo lobwera mwachisawawa, ngakhale kompyuta isakuchita kanthu, pamodzi ndi mapulogalamu ena amene akugwanso popanda chifukwa chooneka, limachititsa kuti ndikayikire RAM. Zimenezi si malamulo osasweka, koma zimakuuzani koyambira. Ngati sikirini yada osabwerera pamene mawu akumvekabe, dinani pamodzi mabatani a Windows, Ctrl, Shift ndi B. Kompyuta imalira kamodzi n'kuyesa kudzutsa zithunzi, ndipo mukhoza kupeza mpata wosunga ntchito yanu.

Ngati umboni ukuloza ku driver, njira yosavuta ndi kubwerera ku yakale. Mu Device Manager, mmene Windows imaonetsamo zipangizo za kompyuta, pansi pa Display adapters, mukatsegula khadi lanu mumapeza batani la Roll Back Driver, limene limagwira ntchito ngati Windows inasunga driver yam'mbuyo. Likakhala losadinika, tsitsani driver yakale pa tsamba la NVIDIA, AMD kapena Intel, poti makampaniwa amasunga zakale. Sindigwirizana ndi maganizo ofala akuti driver yatsopano ndi yabwino nthawi zonse. Zambiri zimatulutsidwa kuti zithandize magemu atsopano ndi makhadi atsopano, ndipo mwini khadi la zaka zingapo amene kompyuta yake ikuyenda bwino sapindula kwenikweni pothamangira iliyonse, kupatula pamene yatseka mpata wa chitetezo kapena yakonza vuto limene iye ali nalo.

Kuika driver pamwamba pa inzake kambirimbiri kumasiya zotsalira zimene zimatha kusemphana, makamaka ngati kompyuta inali ndi khadi la kampani ina poyamba. Zikatero, yeretsani zonse. Pulogalamu yaulere ya Display Driver Uninstaller, imene ambiri amangoti DDU, imagwira bwino ntchito imeneyi, koma ndondomeko yake ndi yofunika: tsitsani kaye driver imene mukufuna kuika, dulani intaneti, lowani mu Safe Mode (njira yoyatsira Windows ndi madriver ofunikira okha), chotsani driver yakale, yambitsaninso kompyuta, ikani yatsopanoyo, ndipo pomaliza lumikizani intaneti. Mukaiwala kudula intaneti, Windows Update imakutsogolerani n'kuika driver yake musanaike yanu, ndipo mumabwerera pamene munali. Musadabwe kuona zilembo zikuluzikulu pakati pa ntchitoyi, popeza Windows imakhala ikugwiritsa ntchito driver yake yongogwirizira ya Microsoft Basic Display Adapter. Eni malaputopu ayambe ndi driver yochokera kwa wopanga laputopuyo, chifukwa malaputopu ambiri ali ndi zipangizo ziwiri zojambulira zimene zimalandirana ntchito, ndipo madriver onse awiri ayenera kugwirizana. Za mapulogalamu amene amalonjeza kukupezerani madriver onse nthawi imodzi, ndi bwino kuwapewa kotheratu.

Vuto likakhala la mu Chrome kapena pulogalamu ina yotere yokha, zimitsani hardware acceleration (imene imapatsa khadi zina mwa ntchito za pulogalamuyo) m'makonzedwe ake n'kuona ngati lasiya, ndipo zimitsaninso mapulogalamu amene amajambula gemu kapena kulemba zinthu pamwamba pake.

Mukayeretsa driver bwinobwino, mwayesa yakale ndi yatsopano, koma vuto likadalipo, lekani kutsitsa madriver chifukwa mwatsimikiza kale kuti gwero lili kwina. Tsegulani pulogalamu ya GPU-Z kapena ya HWiNFO, zonse zaulere, ndipo muziuze kuti zilembe miyezo mu fayilo pamene mukuchita ntchito imene imagwetsa khadi, kuti mukaone manambala a masekondi omaliza. Makhadi ambiri amagwira ntchito yolemera ali pakati pa madigiri 65 ndi 85, koma musangoyang'ana nambala imodziyo. Pali muyezo wina wa malo otentha kwambiri pa chipangizocho, wotchedwa hot spot, umene mwachibadwa umakhala wokwererapo. AMD inanena za makhadi ake a RX 5700 a mu 2019 kuti muyezo umenewu ukhoza kufika madigiri 110 popanda kupitirira malire. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kusiyana kwakukulu kwambiri pakati pa miyezo iwiriyi, chifukwa kumasonyeza kuti phala lopititsa kutentha, lotchedwa thermal paste, lauma kapena chozizira sichikukhudza bwino. Onaninso ndi maso ngati mafani onse akuzungulira pamene khadi latentha, podziwa kuti makhadi ambiri amasiku ano amaimitsa dala mafani ntchito ikakhala yopepuka. Mu laputopu fumbi silionekera kunja: limasonkhana pakati pa fani ndi tizitsulo topyapyala totulukira mpweya, n'kupanga kansalu kolimba kotuwa kamene kamachoka konse kamodzi mukakakoka, ndipo fani imakhala ikulira mwamphamvu pamene mpweya wotuluka uli wochepa.

Nkhani ya magetsi ndi imene anthu amailumpha kwambiri, mwina chifukwa power supply, imene imagawira magetsi zipangizo za m'kompyuta, ndi bokosi lobisika limene silidandaula ndi uthenga uliwonse. Malo olowetsa khadi pa motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta), a PCI Express, amapereka mawati 75 okha. Zotsalazo zimadzera pa nthambo: ya mapini 6 inapangidwira mawati 75, ya mapini 8 mawati 150, ndipo ya 12VHPWR imafika mawati 600. Khadi lamphamvu silikoka magetsi mofanana nthawi zonse, koma limatha kukoka ochuluka kwambiri kwa kanthawi kochepetsetsa, ndipo power supply yokalamba kapena yosalimba imalephera kupirira, ngakhale nambala yolembedwa pa bokosi lake ikuoneka yokwanira. Ngati khadi lili ndi malo awiri a mapini 8, ndi bwino kukoka nthambo ziwiri zosiyana kuchokera ku power supply kusiyana ndi kugwiritsa ntchito nthambo imodzi ya mitu iwiri. Zimitsani kompyuta, zulani pulagi, ndipo yang'anani mutu wa nthamboyo mosamala ndi tochi: chokolera chake chiyenera kukhala chitagwira, popanda mpata ngakhale wochepa pakati pa mapulasitiki awiriwo, ndipo pasakhale kuderako kapena fungo la kupsa. Izi si zazing'ono. Mu 2022 mitu ya nthambo pa makhadi ena a RTX 4090 inasungunuka, ndipo NVIDIA itafufuza inanena kuti kawirikawiri mituyo sinali italowa mokwanira. Machenjezo awiri pano: musatsegule bokosi la power supply, chifukwa limasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo musagwiritse ntchito nthambo za power supply ina pa yanu ngakhale mitu ikulowa, poti kalumikizidwe ka mawaya m'kati kamasiyana.

Pali njira yabwino yoyesera magetsi ndi liwiro popanda kugula kanthu. Mu pulogalamu ya MSI Afterburner, kapena mu AMD Software ya Adrenalin, tsitsani malire a magetsi a khadi kufika pa 70 kapena 80 peresenti, kenako bwerezani ntchito ija. Vuto likasiya, ndiye kuti mwina power supply ikuchepa mphamvu, mwina khadi silikukwanitsanso liwiro lake. Aliyense amene anakweza liwiro la khadi kapena kuchepetsa voteji yake abwezere zonse mwakale asanayese china chilichonse. Dziwaninso kuti makhadi ena amachoka kufakitale atakwezedwa kale liwiro, ndipo mu NVIDIA Control Panel muli Debug Mode pansi pa Help imene imabwezera khadi pa liwiro limene NVIDIA inakhazikitsa. RAM nayonso imathamangitsidwa pamene XMP kapena EXPO yayatsidwa mu BIOS (makonzedwe a motherboard amene mumalowamo Windows isanayambe), ndipo popeza driver imakhala mu RAM yomweyo, kulakwika pang'ono kumeneko kumaigwetsa. Zimitsani XMP kwa masiku angapo, kapena siyani MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, iziyenda usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi ndi chokwanira kuikayikira RAM. Pa zoyesa zonsezi sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, chifukwa mukasintha zitatu pamodzi vuto n'kusiya, simudzadziwa chimene chinathandiza, ndipo likadzabwerera mudzayambiranso pachiyambi.

Mudzakumana ndi malangizo akuti mulowe mu Registry, mosungira makonzedwe a m'kati a Windows, n'kuwonjezera nambala ya TdrDelay kuti Windows izidikira nthawi yaitali kuposa masekondi 2. Microsoft imanena kuti makonzedwe amenewa ndi a anthu oyesa ndi kukonza madriver. Amathandizadi munthu amene amapatsa khadi ntchito imodzi yaitali kwambiri, monga zojambula zazikulu za 3D, pamene khadi silinaume koma langotanganidwa. Kwa munthu amene gemu yake ikugwa chifukwa cha kutentha kapena magetsi, kusinthaku kumangotalikitsa nthawi imene sikirini ikhale youma.

Nthawi zina khadi lenilenilo limakhala litawonongeka, ndipo zizindikiro zake n'zosabisika: timadontho tamitundu, mizere, kapena timabokosi tobalalika pa sikirini, makamaka tikamaoneka kompyuta ikungoyaka kumene, Windows isanalowe, nthawi imene driver imakhala isanayambe n'komwe kugwira ntchito. Device Manager imathanso kuika chizindikiro chachikasu ndi Code 43, ngakhale kuti nambala imeneyi payokha si umboni wokwanira poti driver yosokonekera imaibweretsanso. Musanagamule, sinthani nthambo ya HDMI kapena DisplayPort, ndipo chotsani khadi n'kulilowetsanso mpaka chokolera chake chitagwira, poonetsetsa kuti khadi lolemera silikulendewera mbali imodzi. Kuyesa komaliza ndi kusinthanitsa: khadi lanu mu kompyuta ina yodziwika kuti ili bwino, kapena khadi lina mu kompyuta yanu. Vuto likatsatira khadi, ndipo chitsimikizo cha wopanga (waranti) chisanathe, libwezeni musanamasule sikuluu iliyonse, mutatenga zithunzi za sikirini, masiku a mu Reliability Monitor ndi fayilo ya miyezo ija. Vuto likatsala mu kompyuta yanu ngakhale khadi lasinthidwa, bwererani ku power supply, RAM ndi motherboard, kuyambira ndi power supply.