Dzina la kampani ina pa malonda anu a Google: tikuyankha madandaulo amene akutifika

Chiyambireni lamulo lathu loti kasitomala azisaina fomu tisanagwiritse ntchito dzina la kampani ina pa malonda ake a pa Google, foni ya ku ofesi kuno sikupuma. Ena akuti tagwidwa mantha, ena akuti tikukweza mtengo mobisa. Odandaula kwambiri ndi eni malo ogona alendo a kunyanja, ogulitsa zipangizo za sola, komanso abale athu otumiza katundu kumudzi kuchokera ku Johannesburg ndi ku Britain. Tinene poyambirira kuti ife ntchito yathu ndi yotsatsa malonda. Ngati mwalandira kale kalata yokuopsezani ndi khoti, pitani kwa loya, musadalire zalembedwa panozi zokha.

Mwaimitsiranji malonda anga pamene a Google anawavomereza kale?

Chifukwa a Google si khoti. Lamulo lawo ndi loti saletsa munthu kugula dzina la kampani ina ngati keyword (mawu amene mumalipira kuti malonda anu azituluka munthu akawalemba pofufuza pa Google), ndipo mawu ooneka pa malondawo amawafufuza pokhapokha mwini dzina akadandaula. Ndiye mukaona kuti malonda avomerezedwa, nthawi zambiri zimangosonyeza kuti palibe wadandaula pakadali pano. Mwini dzina akapsa mtima, kalata ya loya wake imabwera kwa inu, osati kwa a Google.

Chizindikiro cha malonda n'chiyani?

Ndi dzina, mawu kapena chithunzi chimene chimauza wogula kuti katunduyu kapena ntchitoyi ndi ya uje, osati ya wina.

Tiuzeni zoona: kugula dzina la wopikisana naye ngati keyword ndi mlandu kapena ayi?

Apa ndi pamene ambiri mukufuna inde kapena ayi, ndipo yankho lotere sitingakupatseni. M'mayiko ambiri, kungolipira kuti malonda anu azituluka munthu akalemba dzina la mnzanu si mlandu pakokha. Chimene oweruza amayang'ana ndi zimene wofufuzayo akuona, ndiponso ngati angasokonezeke. Kuyala katundu wanu pafupi ndi khomo la sitolo ya mnzanu ndi mpikisano. Kuvala yunifolomu ya antchito ake ndiye nkhani ina.

Mu Marichi 2010, khoti lalikulu la European Union ku Luxembourg linagamula mlandu wa Louis Vuitton ndi Google. Linati a Google salakwa pogulitsa mayina a makampani ngati ma keyword, koma wotsatsa malonda akhoza kulakwa ngati munthu wamba wozolowera intaneti sangazindikire mosavuta kuti katunduyo ndi wa mwini dzina kapena wa munthu wina. Muyeso umenewu ndi umene makhoti ambiri akhala akuutsatira.

Inu a ku South Africa, mlandu wokukhudzani ndi wa Cochrane Steel ndi M-Systems, makampani opanga mipanda yachitetezo. A M-Systems anagula dzina la Clearvu, limene a Cochrane amagulitsira mipanda yawo. Mu 2016 khoti la apilo ku Bloemfontein linakana dandaulo la a Cochrane, ponena kuti kugula keyword popanda kusokoneza ogula si mpikisano wosaloledwa. Makasitomala ena amatitumizira nkhaniyi ngati chilolezo. Dziwani kuti pa nthawiyo dzina la Clearvu linali lisanalembetsedwe ngati chizindikiro cha malonda, ndiye mlanduwo sunayankhe zonse.

Inu a ku Britain, kumbukirani za Interflora ndi Marks & Spencer. A Marks & Spencer anagula dzina la Interflora kuti azigulitsa maluwa awo, koma dzinalo silinkaoneka n'komwe pa malonda awo. Ngakhale zinali choncho, mu 2013 woweruza ku London anawapeza olakwa. Iye anati Interflora ndi gulu la masitolo ambiri a maluwa, iliyonse ndi dzina lakelake, kotero anthu ochuluka akanaganiza kuti Marks & Spencer ndi imodzi mwa masitolo a m'gululo. Mu 2014 khoti la apilo linafafaniza chigamulocho n'kulamula kuti mlandu uzengedwenso. Unali utayamba mu 2008. Zaka 6 akulipira maloya, wopambana osaoneka. Makampani aakulu ngati amenewo angakwanitse. Mwini loji ya zipinda zochepa ku Mangochi sitikhulupirira.

Kuno kwathu ku Malawi nkhanizi zimayendera lamulo la Trademarks Act la 2018. Oweruza athu amatha kuwerenga zigamulo za ku England ndi South Africa kuti ziwaunikire, koma siziwamanga manja. N'chifukwa chake sitikukana keyword yotere kotheratu, koma sitikuyiyikanso popanda inu kusaina kuti tinakuchenjezani.

Ine sindinalembe dzina lawo pa malonda anga. Latuluka bwanji pamutu?

Funso ili limabwera ndi ukali, ndipo n'zomveka. Mu Google Ads muli njira yotchedwa keyword insertion, imene imatenga keyword yanu n'kuyiyika yokha pamutu pa malonda. Ngati pa mndandanda wanu pali dzina la wopikisana naye, mawa lake mupeza mutu ukunena dzina lake, pansi pali adiresi ya tsamba lanu. Palinso broad match, imene imatulutsa malonda anu pa mawu amene a Google akuona kuti ndi ofanana ndi anu, kuphatikizapo mayina a anzanu amene simunawagule.

Kuopsa kwa dzina looneka kunadziwika bwino mu 2014 pa mlandu wa Lush ndi Amazon ku England. A Amazon sankagulitsa sopo wa Lush m'dzikolo. Malonda awo amene ankaonetsa dzina la Lush anapezeka olakwa, koma amene sankalionetsa anapulumuka. Ndiye ife tikuzimitsa keyword insertion paliponse pamene pali dzina la kampani ina, ndipo mukatipempha timayika mayinawo pa negative keywords kuti malonda anu asamatulukepo.

Ndimagulitsa katundu weniweni wa kampaniyo. Dzina lake ndisalitchulenso?

Litchuleni. Wogulitsa mafoni enieni a Samsung kapena makaniko wokonza magalimoto a Toyota ayenera kunena zimene amachita, apo ayi ogula amudziwa bwanji? Khoti la ku Luxembourg linavomereza zimenezi kale mu 1999 pa mlandu wa BMW ndi mwini garaja wina wa ku Netherlands, bola munthu asaoneke ngati ali pa mgwirizano ndi kampaniyo pamene sali. A Google nawonso amalola ogulitsa katundu weniweni, ngati tsamba limene munthu akufikirapo likugulitsadi katunduyo poyera. Chimene tikukana ndi kulemba kuti ndinu ovomerezeka ndi kampaniyo popanda kalata, kapena kukweza chizindikiro chawo pamwamba kuposa chanu. Ngati katunduyo ndi wachinyengo, musabwere n'komwe.

Nanga kubisa mayina a anzanga mkati mwa webusaiti kuti ndizituluka pamwamba?

Ntchito yopanda phindu. A Google analengeza mu 2009 kuti sagwiritsa ntchito meta keywords (mawu oikidwa mkati mwa tsamba amene owerenga sawaona) posanja masamba, ndipo mawu obisika, monga zilembo zoyera pa tsamba loyera, amawatenga ngati chinyengo chimene chingakutsitseni. Koma kwa loya wa mnzanu ndi umboni wabwino zedi woti munkafuna dala kukolola pa dzina lake. Ku America makhoti anayamba kuletsa mayina a ena m'mawu obisikawa kalekale, monga pa mlandu wa Brookfield mu 1999. Tsamba loyerekeza katundu wanu ndi wa ena timalemba, koma mfundo iliyonse ikhale yoona ndipo pamwamba pazioneka kuti tsambalo ndi lanu. Kugula adiresi ya webusaiti yofanana ndi dzina la mnzanu sitithandiza.

Malonda akaimitsidwa kapena kalata ya loya ikabwera, alipire ndani? Ndalama zanga mubweza?

Ili ndi funso limene latichedwetsa kulemba mayankhowa. Pali ndalama zitatu, ndipo anthu amaziphatikiza.

Zoyamba ndi zimene zimapita kwa a Google munthu akadina malonda anu. Malonda oimitsidwa sadya ndalama chifukwa satuluka, koma zimene zinadyedwa kale asanaimitsidwe zinapita, ndipo sizidutsa m'thumba mwathu. Tikudziwa kuti zimawawa, makamaka kwa inu olipira m'madola pamene ndalama zakunja zikuvuta chonchi. Onjezani apa kuti dzina la mnzanu nthawi zambiri limadula kuposa lanu, chifukwa a Google amaona kuti tsamba lanu silikugwirizana kwenikweni ndi zimene munthuyo akufuna. Ambiri odinawo amabwerera akazindikira kuti si kumene amapita, inu mutalipira kale.

Zachiwiri ndi malipiro athu. Ntchito imene yagwiridwa kale sitibweza ndalama zake. Chimene tingachite, ndipo tachitira angapo, ndi kulembanso malondawo popanda dzina la mkanganolo osakulipiritsani kachiwiri. Izi timaona nkhani ndi nkhani, si lonjezo kwa aliyense.

Zachitatu ndi maloya ndi chipepeso. Pa mgwirizano wathu, wotsatsa malonda ndi inu. Ngati dzinalo munatipatsa nokha, kapena munasaina fomu titakuchenjezani, udindo ndi wanu. Ngati mukuona kuti dzinalo linalowa chifukwa cha mmene akaunti inakonzedwera kuno, lembani kalata kwa woyang'anira ofesi. Akaunti iliyonse imasunga mbiri ya zosintha, yosonyeza amene anasintha ndi tsiku lake, ndipo tidzakhala pansi n'kuyang'ana limodzi. Kupitirira apa sitinganene zambiri pagulu, chifukwa makasitomala ena ali ndi anthu awoawo amene amalowanso mu akauntizo.

N'zoona kuti mumawerenga malonda aliwonse asanatuluke?

Inde, anthu awiri, ndipo wachiwiriyo ntchito yake ndi kusaka mayina a makampani ena.

Wina akugula dzina langa. Bwanji simukumuletsa?

Tilibe mphamvu imeneyo, ndipo a Google sadzachotsa keyword. Chimene angachotse ndi dzina lanu likamaoneka m'mawu a malonda ake. Kuyambira Julayi 2023, dandaulo liyenera kutchula wotsatsa weniweniyo ndi malonda ake. Kudandaula kamodzi kuti onse aletsedwe kunatha. Ndiye jambulani zimene mwaona, lembani tsiku, mutibweretsere.

Funso loyamba lidzakhala loti dzinalo munalembetsa ngati chizindikiro cha malonda, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Satifiketi ya kampani kapena ya dzina la bizinesi si chizindikiro cha malonda. Lamulo la 2018 limateteza chizindikiro kwa zaka 10, n'kumawonjezera zikatha, ndipo limalola kulembetsa mayina a ntchito monga malo ogona ndi zamtengatenga, zimene lamulo lakale silinkalola. Chitetezocho chimathera m'malire a dziko. Kulembetsa ku Malawi sikukutetezani ku South Africa kapena ku Britain. Njira zofikira mayiko ena zilipo, kudzera ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa zizindikiro za malonda ku Harare, kapena mgwirizano wa Madrid umene Malawi analowa mu 2018, koma South Africa sali mu njira ziwirizi, kumeneko mumalembetsa pakhomo pawo. Ngati simunalembetse, mukhoza kudandaulabe kukhoti kuti wina akudzionetsa ngati inu, koma mudzayenera kusonyeza umboni woti dzina lanu n'lodziwika kale kwa ogula, ndipo umboni wotere si wotsika mtengo.

Bwanji tingogwirizana ndi mnzangayo kuti aliyense asamagule dzina la mnzake?

Chonde musatilowetsemo. Zimamveka ngati kukhala bwino ndi anansi, koma oona za mpikisano wa malonda akhoza kuzitenga ngati kugawana msika. Mu Disembala 2018, European Commission, nthambi ya European Union yoona za mpikisano wa malonda mwa zina, inalipiritsa kampani ya zovala ya Guess chindapusa cha pafupifupi mayuro 40 miliyoni, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kuletsa masitolo ogulitsa zovala zake kugula dzina la Guess pa malonda a Google. Kuno kwathu kuli Competition and Fair Trading Commission, imene imayang'ana mapangano a makampani opikisana. Mukasankha nokha kusagula dzina la mnzanu, tiuzeni, tiliyika pa negative keywords tsiku lomwelo. Koma pangano la awiri, la pa pepala kapena la pa WhatsApp, lioneni ndi loya musanavomere.