Kodi Malawi ndi nation-state? Tiyambire pa Lizulu

Funso ili limabwera pafupipafupi mkalasi mwanga mwa hisitole, ndipo yankho langa ndi loti pang'ono chabe, osati kwenikweni.

Ganizo la nation-state ndi loti anthu a mtundu umodzi, chilankhulo chimodzi, mbiri imodzi, akhale ndi boma lawolawo ndipo malire a dziko athere pomwe mtunduwo wathera. Linakulira ku Ulaya, ambiri amaloza pangano la Westphalia la 1648, koma linadzafika pachimake m'zaka za m'ma 1800 pomwe timaufumu ta ku Italy tinaphatikizana mu 1861, Germany nayo mu 1871. Kuno kwathu omwe amayandikirako ndi Lesotho ndi Eswatini.

Ife zathu zinayenda chafutambuyo, malire ndi omwe anayamba. Mu 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano, mzere nkudutsa pakati penipeni pa Angoni a kwa Maseko, ena nkugwera ku Ntcheu ndi Dedza, ena ku Angonia ku Mozambique komwe kuli phiri la Domwe lija makolo awo anakhazikikapo. Nchifukwa chake pa Lizulu msewu wa M1 ndiye malirewo, uku kwacha uko metikali, koma anthu ake ndi omwewo, amakwatirana, amaikana maliro, amagulitsa kachewere ndi kabichi pamsika umodzi. Achewa nawo chimodzimodzi, Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika ku Katete m'dziko la Zambia ndipo pa Kulamba mu Ogasiti mafumu a mayiko atatu amakagwada kumeneko. Pomwe mkati mwa Malawi momwemu muli Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena, Atonga, Ankhonde ndi ena.

Mu 1964 atsogoleri a OAU, bungwe la mayiko a mu Africa, atakumana ku Cairo anagwirizana zoti malire omwe atsamunda anasiya asawagwiregwire. Ine ndimati anaganiza bwino, bwenzi pano tikumenyanabe. Kungoti boma lililonse linatsala ndi chintchito choumba fuko limodzi kuchokera mwa anthu omwe sanafunsidwe nkomwe, ndiye kunabwera mbendera, nyimbo ya fuko, silabasi imodzi, wailesi imodzi. Apa mpomwe ganizoli limaluma. Mu 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka nkuchotsedwa pa MBC, ife a chigawo chapakati sitinamve kuwawa ayi koma kafunseni achikulire a ku Rumphi.

Nanga lero ganizoli likugwira ntchito yanji? Ndi lomwe limagamula kuti wathu ndani. Chitupa cha unzika chomwe NRB, nthambi ya boma ya kalembera, inalembera anthu mu 2017 ndi chomwe chimakulowetsa mu kaundula wa mavoti, pa feteleza wotsika mtengo, kubanki, ngakhale polembetsa simu khadi. Msuweni wanu wa ku Ulongwe wa ku Mozambique atha kuvina ngoma nanu pa mwambo wa Angoni wa Umhlangano ku Nkolimbo, Inkosi Gomani ndi yakenso, koma tsiku lovota dzina lake mulibe ndipo akafuna kudzakhazikika kuno a imigiresheni amufunsa mapepala ngati mlendo wina aliyense.